Msewu wa mtendere, koma kwa yani?

Gemu ya Fallout: New Vegas idatuluka mu 2010, koma mpaka lero oisewera sanamvane kuti woyenera kulamulira chipululu cha Mojave ndani. Nkhani yake ikuchitika ku America mu 2281, patatha zaka 204 mabomba a nyukiliya atapsereza dziko, ndipo magulu akulimbirana damu la Hoover, gwero la madzi ndi magetsi.

Boma la New California Republic, NCR mwachidule, lili ndi zisankho ndi malamulo. Lilinso ndi misonkho yolemetsa, katangale, ndi asilikali amene adapha amayi ndi ana ku Bitter Springs. Mdani wake, Caesar's Legion, amagwira anthu ukapolo ndi kupachika otsutsa pamtanda.

Oikira kumbuyo Legion amati m'dera lake mulibe achifwamba, amalonda amayenda popanda owalondera. M'gemumo zilidi choncho. Koma taonani amene akuyamikirayo: ndi wamalonda, mwamuna, mfulu. Mkazi wosenzetsedwa katundu mumsasa wa Caesar palibe amamufunsa.

Apa ndi pamene ndikusiyana nawo. NCR ndi yovunda ndithu, komabe mtsogoleri wake angathe kuchoka ndi voti, ndipo msilikali wake Craig Boone sagona tulo pokumbukira Bitter Springs. Kwa Caesar, kupha ngati kumeneko ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo pampando angachoke ndi imfa yokha.

Wina akakuuzani kuti nkhanza zimabweretsa bata, mufunseni ngati angalole mlongo wake kukakhala m'bata limenelo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.