Nguluwe m'Mapulazi a Mashonaland: Adzalipira Ndani?

Abale athu a m'mapulazi ndi a m'migodi, yense amene anakhalapo ku Mazowe, ku Shamva, ku Mvurwi kapena ku Banket adziwa chimene chioneka m'mawa pa miyezi ya February ndi March, pamene chimanga chiri dowe: mapesi ogwetsedwa, nthaka yofukulidwa, ndi mapazi a nguluwe olowera kumtsinje. Mwini pulazi aima m'munda nakwiya, kapitao aitana mlonda, ndipo mlandu wonse ugwera munthu wosauka amene anaodzera m'bandakucha. Chaka ndi chaka zitero. Tsono ife tifuna kufunsa poyera: kodi ndalama zochepetsera nyama zimenezi zidzachoka m'thumba la yani?

Tiyambe ndi makhalidwe a nyamayo. Nguluwe si mlendo m'dziko muno. Makolo a Mashona anaipeza, monganso makolo athu kwathu ku Nyasaland. Usana ibisala m'nkhalango zowirira za m'mbali mwa mitsinje ndi m'timapiri ta miyala. Usiku ituluka ndi zinzake, kawirikawiri zosapitirira 12. Yaikulu ilemera koposa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Idya chimanga, mbatata, mtedza ndi nzimbe, ndipo chimene igwetsa chichuluka koposa chimene idya. Mdani wake wamkulu ndiye kambuku. Chotero kumene alimi anapha akambuku pofuna kusunga ana a ng'ombe, anamasulira nguluwe njira ya kumunda.

Chobvuta chiri apa: nguluwe igona pa pulazi lina, nidya pa pulazi lina. Mwini nkhalango ngati aweta ng'ombe kapena alima fodya yekha, saona chotayika, ndipo safuna kutulutsa kanthu. Mnzake wa chimanga akalipira alenje ndi agalu, nguluwe zithawira tsidya lija, nizibwera alenje atachoka. Akamanga waya, zifukula pansi pake. Potero yense ayembekeza kuti mnansi wake ayambe, ndipo palibe woyamba.

Komatu eni mapulazi sanganene kuti kusonkherana ndi chinthu chachilendo kwa iwo. Lamulo la Natural Resources Act la 1941 linabala mabungwe a alimi oyandikana, amene ankapangana za kusunga nthaka ndi madzi. Lamulo la Parks and Wild Life Act la 1975 linapatsa mwini pulazi mphamvu pa nyama za pa malo ake. Ife titi, wolandira mphamvu alandirenso katundu wake. Sikuyenera kuti nyama ikhale ya Bwana pamene ibweretsa phindu, koma ikhale ya mlonda pamene yaononga.

Kuyambira chaka cha 2000, mapulazi ambiri a Azungu, amene anali ngati 4,000, anagawidwa m'minda ya A1 ndi A2. Pamene panali mwini mmodzi pakhala eni ambiri, ndipo ochuluka analowa ndi kalata ya Boma yokha m'manja. Munthu wosakhazikika mtima pa malo samafulumira kugula waya. Tizindikira ndithu kuti kumvana kwa anthu makumi awiri nkobvuta koposa kwa awiri. Koma munda ukachepa, usiku umodzi wa nguluwe ukwanira kutha chakudya cha banja lonse. Chifukwa chake kusonkherana kufunika tsopano koposa kale.

Tione za ku America. Kumeneko nkhumba zinadza ndi Aspanya m'zaka za m'ma 1500; zina zinathawira kuthengo, nizisanduka zakutchire, ndipo chiwerengero chake chinafika ngati 6 miliyoni. Kwa nthawi yaitali mlimi yense ankalimbana nazo payekha, osapambana. M'chaka cha 2014 Boma la United States linapatula madola 20 miliyoni kuyambitsa nchito yozichepetsa m'dziko lonse, ndipo mu 2018 linaikanso madola 75 miliyoni kuthandiza eni minda. Dziko lolemera lotere linaona kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe, nanga ife?

Palinso nthenda. Nguluwe ndi njiri zikhoza kusenza chigodola cha nkhumba izo osadwala, pamene nkhumba zoweta zimafa nacho, pakuti chiribe mankhwala. Chigodola chinabuka ku dera la Mount Darwin m'chaka cha 2015. Mwini makola a nkhumba amene akana kusonkha lero aganizire tsiku limenelo.

Wina adzati, kodi anchito zikuwakhudza bwanji? Inde zitikhudza, pakuti ife tiri kulipira kale. Makolo athu anadza kuno pansi ndi pa magalimoto a Ulere, nakhala m'zirindo usiku wonse ndi moto ndi chitini choomba. Zidzukulu zao zichita chomwecho. Tilipira ndi tulo, ndi malungo, ndi miyendo yathu, popeza nguluwe yolasidwa ing'amba munthu. Kadimba ka kuseri kwa komboni kakadyedwa, palibe wotibwezera. Tikatchera khwekhwe la waya, lamulo litiyesa akuba nyama. Ndipo eni ena ayesa kuti nyama ya nguluwe yophedwa ndiyo malipiro okwanira, kuiwala kuti abale athu Achiyao a Chisilamu saikhudza nkomwe.

Maganizo athu ndi awa. Eni minda onse a m'mbali mwa mtsinje umodzi, wa chimanga, wa fodya ndi wa ng'ombe yemwe, asonkhe ndalama monga mwa kukula kwa malo ao, mvula isanagwe. Ndalamazo zilipire alenje okhala ndi chilolezo, osaka pa mapulazi onse nthawi imodzi, kuti nguluwe zisowe kothawira. Mlonda wa usiku alandire malipiro a usiku, pamodzi ndi tochi, nsapato ndi jasi. Timinda ta anchito tiwerengedwe pamodzi ndi minda ya eni.

Inu okhala m'makomiti a anchito, nenani mau awa mwaulemu pa msonkhano woyamba, chimanga chisanabzalidwe. Nanunso a m'migodi ya Bindura ndi Mutorashanga, amene mulima m'madambo a pafupi, muwerengere anzanu osadziwa kuwerenga, kuti tonse tinene chimodzi.