Wantchito wa Boma Si Kapolo wa Pulezidenti

Ku South Korea, malinga ndi malamulo a 1987, pulezidenti amalamulira zaka zisanu zokha, osabwereza. Podziwa kuti nthawi njochepa, wolowa aliyense amafulumira kugawa mipando kwa omwe adamthandiza pa chisankho. Eni dziko amati anthu otere amatsika ndi parachuti, pakuti amangotera pamutu pa anzawo amene adalowa ntchito polemba mayeso ovuta a boma, nakwera pang'onopang'ono.

Ena amati palibe cholakwa, popeza wosankhidwa ndi anthu ayenera kugwira ntchito ndi amene amawakhulupirira. Kunena za nduna, tikuvomera. Koma zoti wantchito wa boma azilangidwa chifukwa chonena zoona, izo tikukana.

Taonani za Roh Tae-kang, mkulu woona zamasewera mu unduna wa zachikhalidwe. Mu 2013 adamtuma kukafufuza mkangano m'bungwe la okwera akavalo, ndipo adapeza zolakwa ku mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo mbali ya Choi Soon-sil, mnzake wapamtima wa Pulezidenti Park Geun-hye. Park adamutcha munthu woipa. Adamchotsa pa udindo, ndipo mu 2016 adamkakamiza kusiya ntchito. Chaka chotsatira khoti lidachotsa Park pa mpando, Roh nakhala wachiwiri kwa nduna. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame.

Kodi otsutsa atalowa m'boma adaphunzirapo? Iyayi. Kim Eun-kyung, nduna ya zachilengedwe ya Pulezidenti Moon Jae-in, adaumiriza akuluakulu a mabungwe a boma oikidwa m'nthawi ya Park kuti atule pansi maudindo. Mu 2022 khoti lalikulu lidatsimikiza chilango chake cha zaka ziwiri m'ndende. Nthendayi siisankha chipani.

Zipatso zake nzowawa. Mu 2008, boma likusintha, mkulu wina adanena kuti antchito a boma alibe mzimu. Ife tikufunsa: adawalanda mzimuwo ndani? Munthu akaona mnzake akuchotsedwa chifukwa cha lipoti loona, amaphunzira kulemba zokondweretsa bwana, ndipo wolamulira amatsala wopanda womuuza kuti kutsogoloku kuli dzenje.

Ndime 7 ya malamulo a dzikolo imati wantchito wa boma ndi mtumiki wa anthu onse. Pulezidenti woiwala zimenezi amaba chinthu chimene sichili chake: chikumbumtima cha munthu mnzake.