Kamera ya m'sutikesi ya agogo: tiigule pa mtengo wanji?

Lero ndati tikambirane za malonda ooneka aang'ono koma otha kudanitsa anthu apachibale: kugula ndi kugulitsa makamera akale a filimu. Achinyamata a ku Ulaya, ku America, ku Japan ngakhale ku Cape Town ayambiranso kukonda kujambula ndi filimu, moti makamera amene anthu anawataya m'zaka za m'ma 2000 akweranso mtengo. Mphepo imeneyi yafika kuno kudzera pa foni. Anyamata ena amene ndinawaphunzitsa amanditumizira zithunzi za makamera otere n'kumafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi iyi ndilipire zingati?"

Funsoli ndi lathu ndithu kuno ku Mzimba. Boma lino linadziwika kalekale ndi maulendo a ku Joni. Makolo athu ankapita kumigodi kudzera ku Wenela mpaka mu 1974, pamene ndege yonyamula Amalawi ochokera kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Dr Banda analetsa maulendowo. Anayambiranso mu 1977 kudzera ku TEBA, n'kudzatha mu 1988. Obwerako ankafika ndi njinga, wailesi, mabulangete, ndipo ena ankakhala atakolowekanso kamera m'khosi. Zaka zomwezo n'zimene mafakitale a ku Japan ankatulutsa makamera ambirimbiri otchedwa rangefinder: Yashica Electro 35 inatuluka mu 1966, Olympus 35 RC mu 1970, Canon Canonet G-III QL17 mu 1972. Choncho musadabwe kupeza imodzi mwa zimenezi ili phee m'sutikesi ku Embangweni, ku Edingeni kapena ku Jenda.

Kwa amene simunaigwirepo, rangefinder ndi kamera imene mukasuzumira pa kazenera kake mumaona kachigamba kowala pakati. M'kachigambamo chinthu chimodzi chimaoneka pawiri. Mukamapotoza lenzi, zithunzi ziwirizo zimayandikana mpaka kukhala chimodzi, ndipo pamenepo ndiye kuti chithunzi chanu chidzatuluka chooneka bwino. Zonsezi zimatheka chifukwa cha timagalasi ndi tizitsulo ting'onoting'ono tomwe tili m'kati, timene timasokonekera kamera ikangogwa pansi kamodzi.

Maganizo anga ndi akuti kamera yotere mtengo wake uzichokera pa zimene yachita pamaso pa wogula ndi wogulitsa, onse ali pomwepo. Dzina lolembedwa pamphumi pake, kunyezimira kwa chitsulo ndi nambala zimene munthu waona pa intaneti zibwere pambuyo. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo sindikudziwa katundu wina amene mwambiwu umamuyenera kuposa kamera ya zaka 50.

Kuyesa kwake sikufuna sukulu yapamwamba. Kumafuna mphindi 20, tochi ya pafoni ndi kuleza mtima. Yambani ndi lenzi. Tsegulani chitseko chakumbuyo, ikani shutter pa chilembo B, dinani osasiya, ndipo walitsani tochi kuchokera kutsogolo inu mukuyang'ana kumbuyo. Tifumbi pang'ono si vuto, kamera iliyonse yakale ili nato. Koma mukaona timizere toyera tonga ulusi wa kangaude, chimenecho ndi chuku chimene chamera pagalasi. Sutikesi imene yakhala pansi pa bedi nyengo za mvula makumi anayi ndi munda wabwino wa chuku, ndipo chikakhalitsa chimadya galasi moti ngakhale mmisiri sangalibwezeretse. Pa Yashica, kumbukirani kuti B sagwira popanda batire.

Kenako tulukani panja. Lozani kamera pa chinthu chakutali kwambiri, kaya phiri, kaya nsanja ya mafoni, ndipo potozani lenzi mpaka kumapeto, pa chizindikiro chonga 8 wogona. Zithunzi ziwiri za m'kachigamba zija ziyenera kukumana ndendende. Zikapanda kukumana, kamerayo ikufunika mmisiri. Ngati kachigambako kazilala moti simukukaona masana dzuwa likuswa mtengo, dziwani kuti mwagwira bokosi lokongola basi.

Chachitatu ndi shutter. Imvetsereni ndi khutu pa liwiro lililonse, makamaka lapang'onopang'ono ngati sekondi imodzi kapena 1/4. Mafuta akale amauma n'kukhala ngati phula, ndiye shutter imatseguka koma kutseka kumachita kukokera. Pa Yashica Electro 35 pali chizindikiro china: pokoka kachitsulo kopititsira filimu patsogolo payenera kumveka kaphokoso koti "gu". Kakapanda kumveka, ndiye kuti kalabala kena ka m'kati kanasungunuka, matenda odziwika bwino a kamera imeneyi. Makamera a ku Soviet Union monga Zorki ndi FED ali ndi shutter yansalu, choncho iwalitseni ndi tochi muone ngati ilibe timabowo.

Chachinayi, tsegulani pokhala batire. Mukapeza ufa woyera kapena wobiriwira, batire linaphulikira momwemo ndipo mwina ladya mawaya. Gwiraninso m'mbali mwa chitseko chakumbuyo. Siponji yotchinga kuwala ikakalamba imasanduka phala lakuda lomata zala. Limeneli ndi vuto laling'ono, munthu wosamala angathe kuikamo yatsopano yekha, komabe ndi ntchito ndipo iwerengedwe pamtengo.

Tsono tibwere ku ndalama. Wogulitsa ambiri masiku ano amatsegula eBay pafoni n'kukuonetsani mtengo wa madola. Pali zinthu ziwiri zimene amaiwala. Choyamba, mtengo umene munthu walemba ndi chikhumbo chake chabe. Pa eBay pomwepo pali poonera katundu amene anagulidwadi ndi ndalama zimene zinalipiridwa, ndipo nambala zimenezo n'zomwe zili ndi phindu kwa ife. Chachiwiri, kamera ya mtengo wapamwamba ku London kapena ku Tokyo kawirikawiri imakhala yoyesedwa ndi filimu, yopukutidwa ndi mmisiri, ndipo wogula angathe kuibweza ikavuta. Kamera yogula pa Jenda tsiku la msika mukaibweza kwa yani?

Komanso kukhala ndi kamera ya filimu kuno kuli ndi msonkho wake. Makamera ambiri a zaka zimenezo anapangidwira mabatire a mercury amene analetsedwa m'maiko ambiri m'zaka za m'ma 1990. Canonet inkafuna la 1.35V, Yashica la 5.6V, ndipo lero pamafunika batire lina ndi kachida kolikwaniritsira. Canonet imajambula ngakhale popanda batire ngati munthu akudziwa kusankha yekha kuwala, pamene Yashica popanda batire imatsala ndi liwiro limodzi lokha. Kusiyana kumeneku kukhudze mtengo. Filimu nayo ndi yoitanitsa kunja, ndipo chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chogula ndi dola chimaluma. Filimu imodzi imakupatsani zithunzi 36 basi. Ma situdiyo athu anazolowera kusindikiza zithunzi za pafoni, choncho musanagule kamera funsani kaye kumene mukatsukitse filimuyo. Mwina mudzapeza kuti muyenera kupatsira wachibale wopita ku Johannesburg. Safunsa anadya phula.

Njira imene ine ndimalangiza ndi iyi. Pezani mtengo umene kamera yamtundu womwewo, yoyesedwa ndi yogwira ntchito, inagulidwadi. Ngati imene ili m'manja mwanu yapambana mayeso onse aja koma sinayesedwe ndi filimu, theka la mtengowo ndi chilungamo kwa onse awiri. Ngati ili ndi vuto lofuna mmisiri, musapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi. Ngati lenzi yadyedwa ndi chuku, musagule, isiyeni ikhale chikumbutso pa kabati. Ndipo ngati wogulitsa ndi munthu wodziwana naye, gwirizanani kuti mupereke ndalama zina lero, zotsalazo filimu yoyamba ikatuluka bwino.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, malonda ndi malonda, wochenjera ndiye amadya. Ngati agogo avomera mtengo wa nkhuku imodzi, vuto langa n'chiyani?" Apa ndiye ndikutsutsa kwambiri. Pamsika wa ng'ombe wogula ndi wogulitsa onse amadziwa ng'ombe, ndiye kunenerera kumakhala kwa anthu ofanana. Koma mayi wamasiye amene akutulutsa kamera ya malemu amuna awo kuti alipire fizi ya mdzukulu sadziwa Canon kapena Leica. Mnyamata wa foni m'manja amadziwa. Kugula motchipa podalira umbuli wa munthu wamkulu ndi kuba kovala jekete. Ngati tinapita kusukulu kuti tiziwerenga Chingerezi cha pa intaneti n'kumapusitsa amene anatilipirira fizi, ndiye kuti sukuluyo inapita pachabe. Auzeni amayiwo zimene mwapeza, zabwino ndi zoipa zomwe, muwaonetse nambala, kenako munenerere.

Chilungamo chomwecho chikhalenso kwa wogulitsa. Si kamera yakale iliyonse imene ndi chuma. Canonet G-III inapangidwa yoposa miliyoni imodzi, Yashica Electro 35 mamiliyoni angapo, moti padziko lapansi sizisowa. Imene imakhaladi yodula ndi Leica ya ku Germany, monga M3 imene inatuluka mu 1954. Koma ngakhale pamenepo chenjerani, chifukwa pali ma Zorki ndi ma FED ambiri amene anthu achinyengo anawalemba dzina la Leica, ena n'kuwapaka mtundu wagolide. Dzina ndiye losavuta kulemba kuposa china chilichonse pa kamera.

Pomaliza, kwa mabanja amene muli ndi kamera yotere: musanaigulitse, yang'anani kaye m'sutikesi momwemo. Nthawi zambiri pamene pali kamera pamakhalanso envulopu ya zithunzi ndi manegetivu. Zimenezo musapereke pamodzi ndi kamera ngati basera. Muli nkhope za anthu amene anakumba golide ku Joni, maukwati a ku Embangweni, ana amene lero ndi agogo. Kamera ina mungathe kudzagula, koma manegetivu amenewo ndi okhawo padziko lonse. Ndipo ngati kachitsulo kobwezera filimu kakulimba mukakapotoza pang'ono, musatsegule chitseko, mwina muli filimu imene agogo sanamalize.