Apayoniya (Malawi Young Pioneers) ndi chitetezo cha m'malire

Apayoniya, omwe dzina lawo lonse linali Malawi Young Pioneers, linali gulu la achinyamata la chipani cha Malawi Congress Party lomwe linakhazikitsidwa mu 1963. Poyera ankaphunzitsidwa ulimi ndi ntchito zachitukuko, ndipo aphunzitsi ena anachokera ku Israel. Mbali ina ya gululi inali ndi mfuti komanso akazitape, ndipo inkamvera Dr. Hastings Kamuzu Banda osati akuluakulu a asilikali.

Mantha omwe anakulitsa gululi sanali ongopeka. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu 1964, zingapo zinathawira kunja. Mu February 1965 anthu a Henry Chipembere anaukira Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, koma anakakamira pa doko la Liwonde. Mu October 1967 Yatuta Chisiza analowa ndi kagulu ka zida cha ku Mwanza, ndipo anaphedwa komweko. Kuyambira pamenepo boma linkayang'ana malire onse ndi diso lokayika. Kasungu, kwawo kwa Kamuzu, nayenso ndi boma la m'malire: kumadzulo kwa minda ya fodya kuli nkhalango yosungiramo nyama momwe muli Lifupa, ndipo ukaipyola wafika ku Zambia, dziko lomwe linasunga ena mwa othawawo.

Maganizo okonzekeretsa anthu wamba mobisa kuti adzalimbane ndi adani olowa m'dziko si achilendo. Mu 1940 dziko la Britain linapanga magulu otchedwa Auxiliary Units, alimi ndi alenje odziwa bwino madera awo, omwe anali ndi mobisalira mwapansi podikira asilikali a Germany. Adaniwo sanabwere, maguluwo anathetsedwa mu 1944. Apayoniya sanathetsedwe chiopsezo chitachepa. Lamulo linkawateteza kuti apolisi asamawamange mwachisawawa, ndipo mphamvu zawo zinathera pa Amalawi anzawo. Akuluakulu ambiri amawakumbukira chifukwa chofunsa khadi ya chipani pamsika ndi pokwerera basi, osati chifukwa chothamangitsa mdani.

Mapeto anadza mu December 1993, patangopita miyezi yochepa anthu atavotera ndale za zipani zambiri. Apayoniya atapha asilikali awiri ku Mzuzu, asilikali anayamba ntchito yowalanda zida yotchedwa Operation Bwezani, nagwetsa maofesi awo ku Lilongwe ndi m'maboma ena. Ambiri anathawira ku Mozambique.

Malamulo aakulu a dziko a 1994 amaletsa gulu lina lililonse lankhondo kupatula asilikali a boma. Nkhani ya Apayoniya sinathe, komabe. Ena mwa iwo akhala akudandaulira boma kuti liwalipire pa zaka zomwe anagwira ntchito, pomwe ambiri mwa anthu omwe anamenyedwa ndi gululi sanaonepo wowazunza akuimbidwa mlandu. Dzina lawo limatchulidwanso nthawi iliyonse achinyamata a chipani akaoneka ndi zikwanje pamsewu apolisi akungoonerera.