Jekete ya Beni ku St Mary's

Loweruka ndinapeza agogo ena ku St Mary's, muno mu Chitungwiza, ali pamkeka akusokerera mizere itatu ya usajeni pamkono wa jekete ya khaki, singano ili m'manja, ulusi akudula ndi mano. Jeketeyo ndi ya mdzukulu wawo wovina Beni, gule amene Ayao a ku Nyasaland anabwera naye kuno pofuna ntchito m'migodi ndi m'mafamu a Rhodesia. Beni amatsanzira perete ya asilikali a atsamunda, monga a King's African Rifles, ndipo anafala kwambiri itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Anyamata ena amati bwanji osangotola jekete pakaunjika. Ine ndikukana. Ya pakaunjika imabwera ndi zipi ndi matumba amakono, pamene agogowa amakumbukira pomwe bambo awo ankaika batani lililonse, ndipo akalakwitsa mzere amaphwasula n'kuyambanso. Zidzukulu za Ayao aja zimalankhula Chishona, zambiri sizinaionepo nyanja ya Malawi, komanso lamulo la 2001 linasandutsa makolo awo ambiri kukhala alendo m'dziko lomwe anabadwira, mpaka malamulo aakulu a 2013 atawabwezera unzika. Anthu otere akamasonkha okha ndalama ya basi kuti akavine kumigodi yakale, yunifolomu zili zopinda bwino m'chikwama, sindiona masewera ayi. Chondinyansa ndi okonza zochitika amene amawaitana kukasangalatsa alendo, n'kuwabweza ndi botolo la chakumwa, osafunsa ngakhale mtengo wa nsalu.