Mango a ku Nathenje asamangowolera pansi

Aliyense amene anadutsapo pa Nathenje mu Disembala, pa msewu wa M1 wochoka ku Lilongwe kupita ku Dedza, amadziwa mmene pamakhalira. Amayi amandandalika mabeseni a mango m'mbali mwa msewu, onse n'kumakuwira galimoto imodzimodzi. M'midzi ya mkati, kulowera cha ku Mitundu, mango a boloma ndi kalisere amangogwa mpaka mbuzi kutopa nawo. Koma sukulu zikatsegulira mu Januwale, makolo omwewo amayamba kusaka ganyu kuti apeze fizi ndi ufa.

Ife amene tinakulira kumeneko tikuti banja lokhala ndi mitengo iwiri kapena itatu ya zipatso lili kale ndi poyambira bizinesi ya jamu. Komabe tisanamizane. Kuphika jamu n'kosavuta. Zimene zimagwetsa anthu ndi ukhondo ndi masamu.

Kusunga chakudya si nzeru yobwera. Agogo athu ankafutsa nkhwani ndi chitambe, n'kumanga mfutso m'zikwatu kuti ndiwo zisasowe m'chilimwe. Jamu ndi nzeru yomweyo, kungoti imadalira shuga ndi moto. Pa kilogalamu imodzi ya mnofu wa mango pamalowa shuga wokwana pafupifupi kilogalamu imodzinso, ndi madzi a mandimu othandiza kuti jamu igwire ndiponso isawonongeke msanga. Imawira mpaka dontho lake litasiya kuyenderera pambale yozizira. Pamenepo pamatuluka mabotolo pafupifupi anayi a magalamu 400.

Tinayesapo kwathu pa tchuthi china. Tinaphika bwino ndipo anansi anayamikira, koma patatha milungu itatu theka la mabotolo linali litachita chuku. Mabotolo tinawiritsa, zivundikiro tinangotsuka. Phunziro lake linali lowawa: botolo ndi chivundikiro chomwe ziyenera kuwira kwa mphindi zosachepera 10, ndipo jamu ithiridwe ikadali yotentha. Wogula akapeza chuku kamodzi sabweranso, ndipo pamudzi mbiri imathamanga kuposa njinga ya kabaza.

Masamu ndiye ovuta koposa. Ambiri amawerenga shuga yekha, poti mango ndi a pakhomo. Nanga nkhuni? Nanga mabotolo, mapepala omata, thiransipoti yopita pamsika wa Mitundu, ndi tsiku lathunthu limene munthu sanapite kukapalira? Mitengonso sikhazikika. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 shuga anasowa m'masitolo, ngakhale kuti nzimbe zimalimidwa konkuno ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Amene salemba m'kope angamaoneke ngati akugulitsa, chonsecho akudya mpamba. Walira mvula walira matope.

N'chifukwa chake sitikugwirizana ndi amene amathamangira ngongole yaikulu ya banki mkhonde asanagulitse ngakhale botolo limodzi. Yambani ndi mabotolo 20. Pitani nawo kwa aphunzitsi, anamwino ndi eni matiyirumu a pa Nathenje, mumve zimene anene. Akabweza botolo lopanda kanthu n'kufunsa lina, pamenepo ndiye bizinesi yayamba. Masitolo akuluakulu a mu Lilongwe amafuna chiphaso cha bungwe la Malawi Bureau of Standards, ndipo banja limodzi silingakwanitse msanga zofunika zake. Apa m'pamene mabanja angapo ayenera kuphatikizana. Ndiwo unalinso mzimu wa ndondomeko ya One Village One Product, imene inayamba m'dziko muno mu 2003 potengera chitsanzo cha chigawo cha Oita ku Japan.

Ena mu mpingo anganene kuti shuga wambiri si wabwino m'thupi, ndiye tilimbikitsirenji jamu? Akunena zoona, ndipo jamu ndi yopaka pang'ono pabuledi, si ndiwo. Komanso si zonse zimafuna shuga. Tomato wa m'madimba akachuluka m'chilimwe angathe kuumitsidwa padzuwa. Chidede chouma chimasungika miyezi yambiri. Mango nawonso amauma, kungoti amapsa nthawi ya mvula, choncho pamafunika choumitsira chofoleredwa ndi pulasitiki yoonekera. Banja likamatsata nyengo, kuchoka pa mango kupita pa magwafa, chidede ndi tomato, ntchito siima chaka chonse.

Nanga ife ophunzira zauphunzitsi zikutikhudza bwanji? Ambiri a ife tidzatumizidwa kusukulu za kumidzi ngati zimenezi. Tidzaphunzitsa maperesenti pabolodi kwa ana amene amayi awo sadziwa ngati beseni la mango lawapindulira kapena ayi. Bwanji funso la masamu lisakhale la mtengo wa botolo limodzi la jamu? Bwanji phunziro la tizilombo toolesa chakudya lisachitikire pambali pa poto wowira? Ndipo sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya LUANAR ku Bunda ili pafupi ndi Mitundu pomwepo. Mphunzitsi wamkulu angathe kulemba kalata yopempha kuti akatswiri a zakudya adzalankhule ndi makolo.

Tchuthi cha Disembala chikubwera. Popita kwathu titenge kope, tibwereke sikelo, tisonkhanitse mabotolo. Tikawerenge mango amene akugwa pamtengo umodzi wokha pa sabata, kenako tikakhale pansi ndi amayi, tiwerengere limodzi.