Zimene maso a agogo angatiuze

Mwezi uno tikambe za mbewa. Sindikunena zokumba m'munda mukatha kukolola ayi, koma zoweta m'nyumba za kafukufuku, zimene zikuthandiza madokotala kumvetsa matenda oiwalaiwala a okalamba.

Mkati mwa diso, chakumbuyo, muli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina. Kameneka ndi kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo kudzera mu mtsempha. Mwana akamaumbika m'mimba, retina imaphuka kuchokera ku ubongo weniweniwo. Choncho dokotala akaunika m'diso ndi katochi kake, amakhala akuona mbali ya ubongo popanda kung'amba munthu.

Matenda a Alzheimer, amene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anawafotokoza mu 1906, amabwera ndi timibulu totchedwa amyloid timene timaunjikana mu ubongo. Akatswiri amasintha chibadwa cha mbewa kuti zidwale matenda ofanana nawo. Mu 2011, gulu la Maya Koronyo-Hamaoui la ku chipatala cha Cedars-Sinai ku Los Angeles linalengeza kuti linapeza timibuluti m'maso mwa mbewa zoterezi tisanayambe kuoneka mu ubongo. Chiyembekezo n'chakuti tsiku lina munthu adzayezedwa m'maso n'kudziwa msanga. Koma mbewa si munthu, ndipo kuyeza kotereku kukadali pa kafukufuku.

Nzeru younika ubongo kudzera m'diso si yachilendo kwathu kuno. Mu 1993, dokotala wa maso Susan Lewallen ndi anzake anafotokoza zizindikiro za m'maso mwa ana okomoka ndi malungo a mu ubongo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mu 2004, kafukufuku wa Terrie Taylor pa chipatala chomwecho anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi amene ankaganiziridwa kuti wamwalira ndi malungowa anali atamwalira ndi matenda ena. Chimene chinkasiyanitsa ana amenewa ndi anzawo chinali cha m'maso.

Nanga ife a ku Neno zikutikhudza bwanji? Agogo akayamba kuiwala mayina a zidzukulu, kusochera pochokera kudimba, kapena kupezeka usiku pakhomo pa eni osadziwa kuti afika bwanji, ambiri amathamangira kunena kuti ndi mfiti. Sitinaiwale za mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa m'dera la Mfumu Dambe powaganizira ufiti, mphenzi itapha mtsikana. Kumene anthu amafulumira kuloza chala chotere, gogo wosokonezeka mutu ali pa ngozi. Kuiwalaiwala ndi matenda a ubongo, ooneka ngakhale mwa mbewa imene sidziwa za ufiti. Ndipo lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Mankhwala ochiziratu matendawa kulibe, koma chochita chilipo. Mu 2024, akatswiri a bungwe la magazini ya Lancet anatchula zinthu 14 zimene zimawonjezera chiopsezo, ndipo anati kuthana nazo kungapewetse kapena kuchedwetsa pafupifupi theka la matendawa. Zina mwa izo ndi kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa, kusamva, kukhala wekhawekha, ndiponso vuto la maso losathandizidwa. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimawononga timitsempha ta m'diso ndi ta mu ubongo momwe, mwakachetechete.

Tsono sabata ino chitani izi. Perekezani amayi kapena abambo anu kukayezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi ku chipatala cha boma ku Neno, ku Lisungwi kapena cha kufupi ndi kwanu. Ngati ali kale pa mankhwala, funsani za kuyezedwa maso. Ngati akuona ngati chifunga, ikhoza kukhala ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni. Musangoti ndi ukalamba.

Agogo akafunsa funso lomwelo kachisanu, ayankheni modekha. Akamayendayenda, dziwitsani anansi ndi amfumu kuti akudwala, kuti owapeza awabweretse kunyumba m'malo mowakuwiza. Mawu amenewa, onenedwa nthawi ikadalipo, akhoza kupulumutsa moyo wawo.